Dzina ndi lathu, koma tisheti ikubwera pa dola

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya achinyamata amene tayamba kupanga zovala za mayina athuathu. Masiku ano tikuyamikiridwa paliponse. Pa wailesi akuti ndife chitsanzo, ku misonkhano ya achinyamata akuti enanu musamangodikira ntchito za m'maofesi, onani anzanuwa. Chiyambire 2016 pomwe boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi, mawu oti tizigula zathu sachoka pakamwa pa akuluakulu. Koma anthu omwewo amene amatiombera m'manja, ukawauza mtengo wa tisheti imodzi amabweza dzanja n'kufunsa kuti, "Yopangidwa konkuno yomweyi mpaka ndalama zonsezo?" Sindiwada ayi. Funsolo ndi labwino, kungoti yankho lake silikwana pa WhatsApp, n'chifukwa chake ndati ndilembe kuno.

Ndimakhala ku Matawale kuno ku Zomba. Ndimadinda ndi kugulitsa matisheti, mahudi, zipewa ndi makabudula. Dzina la malonda anga sinditchula, mungati ndapeza njira yotsatsira mwaulere m'nyuzipepala yanu. Mpamba woyamba unachokera ku banki m'khonde ya amayi a m'dera lathu. Titagawana ndalama kumapeto kwa chaka, anzanga anagula feteleza ndi malata, ine ndinakwera minibasi ya ku Limbe kukapikula matisheti opanda kanthu. Ntchito ndimagwirira m'chipinda chakuseri kwa nyumba ya mayi anga. Sitolo ndilibe, pali foni, chikwama chachikulu, ndi wakabaza mmodzi wokhulupirika amene amadziwa zipata zonse za ku Chikanda.

Zimene ndimajambula ndi za kuno. Mzera wa phiri monga umaonekera ukamachokera ku Thondwe m'mawa, kadengu ka sitiroberi kamene anyamata amakuthamangira nako pa msewu wa ku Chawe, nsanja ya wotchi yokumbukira asilikali a nthawi ya atsamunda a King's African Rifles (KAR), bwato la pa Kachulu. Imene imayenda malonda kuposa zonse ilibe n'chithunzi chomwe, kumsana kwake kuli mayina okhaokha m'malembo akuluakulu: Chikanda, Mpondabwino, Chinamwali, Sadzi, Ndola, Matawale. Ina ili ndi nambala 1975 basi. Wa ku Zomba safunsa tanthauzo lake, amadziwa kuti n'chaka chimene likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe, ndipo amaivala akuseka koma kamtima kali kuwawa pang'ono.

Chopinga choyamba sichinali ndalama, chinali chizolowezi. Mmalawi anakula akudziwa kuti tisheti yolembedwa Chichewa sagula, amachita kupatsidwa. Imachokera ku chipani nthawi ya kampeni, ku bungwe lolimbikitsa katemera kapena kubzala mitengo, ku kampani ya sopo, ku msonkhano wa mpingo. Ukaivala pang'ono umayamba kulimira, kenako imasanduka chokolopera. Yotulutsira ndalama m'thumba ndi ija ya dzina lakunja. Ndiye iwe ukubwera ndi tisheti yolembedwa Mpondabwino n'kumati munthu apereke ndalama zimene akanagulira ndiwo za sabata yathunthu. Kuti avomere, chovalacho chiyenera kusiyana ndi chaulere chija akangochigwira m'manja. Nsalu ikhale yolemera, khosi losafutukuka, kasokedwe kotaya pang'ono monga achinyamata akukondera masiku ano, chojambula chosasuluka. Mtengo umayambira pamenepa kukwera.

Amene amatiphunzitsa za bizinesi amakonda kutiuza za anthu a ku America amene anayamba ndi zochepa. N'zoona. Shawn Stussy ankapanga matabwa osewerera pa mafunde a nyanja ku California, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anayamba kudinda siginecha yake pa matisheti n'kumagulitsira m'galimoto yake. Daymond John ndi anzake anayambitsa FUBU mu 1992 m'nyumba ya mayi ake ku Queens, mumzinda wa New York, akusoka zipewa. Nkhani zimenezi zimandilimbitsa mtima ine ndemwe. Koma pali chimodzi chimene ophunzitsawo amachidumpha. Anthu amenewa ankagula nsalu ndi dola n'kugulitsa chovala ndi dola yomweyo. Ine ndimagulitsa ndi kwacha, pamene pafupifupi chilichonse chimene ndimagwiritsa ntchito chinalowa m'dziko muno ndi dola kapena randi.

Tembenuzani khosi la tisheti yopanda kanthu imene timapikula m'masitolo a ku Limbe, kapena imene amalonda amabwera nayo kuchokera ku Kariakoo ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg. Lebulo yake imati China, India, Bangladesh, nthawi zina Tanzania kapena South Africa. Inki yodindira ndi yakunja. Kansalu ka sikirini yodindira kamene timakunga pa felemu n'kakunja, mankhwala opaka pa sikiriniyo ndi akunja, mphira wokokera inki ndi wakunja, makina otenthetsera ndi akunja. Za kuno ndi felemu ya matabwa imene anandikhomera kalipentala wa ku Mpondabwino, dzuwa, nzeru za chojambula, ndi thukuta langa. M'kabuku kanga, pa ndalama imene kasitomala amandipatsa, yoposa theka imabwerera kwa wogulitsa tisheti yopanda kanthu. Pa yotsalayo ndichotsepo inki, thiransipoti ya ku Limbe kupita ndi kubwera, bandulo ya intaneti, ndalama yodulidwa potapa ku Airtel Money kapena Mpamba, ndi matisheti amene amaonongeka podinda, poti palibe wodinda amene sataya. Kotsalako ndi kamene anthu akuti tikuwabera.

Ndiye onjezanipo za kwacha. Mu May 2022 inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Umenewotu unali mtengo wa ku banki, kumene wamalonda wamba amapita n'kuuzidwa kuti ndalama zakunja kulibe. Amene amatigulitsa ife amaipeza dola kuseri, kumene nthawi zina yakhala ikuposa kuwirikiza kawiri mtengo wa ku banki, ndipo mtengo wakuseriwo ndi umene umafika pa tisheti yanga. Chimachitika n'chakuti umagulitsa katundu yense, m'kabuku mukuoneka phindu, koma ukafika ku Limbe ndalama yonse, mpamba ndi phindu lomwe, ikugula matisheti ochepa kuposa amene unali nawo. Kuli ngati kutunga madzi ndi lichero. N'chifukwa chake mtengo sindiuika potengera zimene ndinagulira dzulo, ndimauika poganizira zimene ndikagulire mawa. Kasitomala akaona ndakweza pa katundu amene anali kale m'nyumba amati ndine wadyera, pamene ine ndikungofuna kuti mwezi wamawa ndidzakhalebe ndi chogulitsa.

Njira yotsitsira mtengo ilipo, ndipo ambiri akuitsata. Nsalu ya tisheti imayezedwa kulemera kwake pa sikweya mita, ife timati GSM. Ya 140 kapena 150 ndi yopyapyala, ija ukaikweza pa dzuwa umaona dzanja lako mbali inayo, ndiyo imagawidwa pa misonkhano. Ya 180 ndi yabwino ndithu. Imene achinyamata akufuna pa masitayelo otaya aja ndi ya 200 kupita m'mwamba, ya thonje lokhalokha. Mitengo yake imasiyana kwambiri, chifukwa kulemera kumeneko ndi thonje, ndipo thonje lolukidwa kunja ndi dola. Ukatenga yopyapyala yosakaniza ndi polyester mtengo utsikadi, koma kutentha kwa October munthu azingonyowa thukuta losauma, ndipo akaichapa kawiri khosi ligwera pa phewa. Sadzabweranso. Choipa n'chakuti sadzanena kuti nsalu yakunja inali yachabe, adzanena kuti za Amalawi n'zosalimba, ndipo mawu amenewo amatipweteka tonse, ngakhale ife amene sitinamugulitse.

Chimene chimandiwawa n'chakuti thonje tili nalo. Kuchoka pano, kudutsa Liwonde, wafika ku Balaka kumene anthu amalima thonje chaka ndi chaka. Ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Salima, ku Mangochi, chimodzimodzi. Mlimi amagulitsa, makampani amachotsa njere, ndipo lambiri limatuluka m'dziko muno lili m'mabelo, lisanakhale n'ulusi womwe. Mlimi wa ku Balaka akudandaula mtengo wotsika, ine kuno ndikudandaula mtengo wokwera, ndipo pakati pa awirife pali ntchito zonse zimene zikugwiridwa m'maiko a eni: kupota ulusi, kuluka nsalu, kuinyika mu utoto, kudula, kusoka. Akuluakulu athu amakumbukira nthawi imene David Whitehead and Sons ku Blantyre inkaveka dziko lino, isanagulitsidwe mu 2003 n'kukhala Mapeto. Zitenje zopangidwa muno zilipo mpaka pano, ndipo ndimazigwiritsa ntchito. Koma chitenje ndi tisheti si nsalu imodzi. Chitenje n'chowomba, ulusi wina wotsika wina wopingasa, sichitamuka. Tisheti ndi yoluka monga amalukira juzi, kungoti ndi ulusi waung'ono kwambiri, n'chifukwa chake mutu umalowa pakhosi popanda batani. Makina ake ndi osiyana. Munthu akamandiuza kuti bwanji osangogula nsalu konkuno, akunena nsalu imene singatulutse tisheti.

Amalume anga ndi telala. Akhala pakhonde la sitolo ku Chinamwali ndi makina awo opalasa ndi phazi kuyambira ndisanabadwe. Nditawauza kuti tizisoka tokha matisheti, anatenga kachidutswa ka nsalu yotamukayo, anasokapo mzera umodzi, n'kundipatsa kuti ndikoke. Ulusi unaduka pompo. "Mphwanga," anatero, "makina angawa amadziwa yunifolomu ndi suti ya ukwati. Zakozi zikufuna ovaloko." Nsalu yotamuka imafuna msoko wotamuka nawo: ovaloko ya m'mbali ndi m'mapewa, makina ena opindira pansi ndi m'manja amene amasiya mizera iwiri pamwamba, komanso kansalu kapadera ka pakhosi. Ovaloko tinagula yogwirapo kale ntchito. Koma nsalu yogula pa mpukutu ndi yakunjanso, ndipo ukamaigula pang'onopang'ono monga ife, tisheti yosoka wekha imatuluka yodula kuposa yobwera yosokasoka. Fakitale ya ku Bangladesh yosoka masauzande pa tsiku sungalimbane nayo ndi makina amodzi apakhonde.

Pamene zatiyendera ndi amalume ndi pa zovala za nsalu yowomba. Zipewa zozungulira zija, makabudula, majekete opepuka okhala ndi chitenje mkati, zikwama zapaphewa. Zimenezi amadula ndi kusoka okha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ndalama yambiri ya chipewa imatsala mu Zomba muno, kwa iwo, kwa mnyamata amene akumuphunzitsa, kwa mayi wogulitsa zitenje mumsika waukulu. Poyamba ankaseka kuti zipewa zotere n'za asodzi a ku Chilwa, pano amandiimbira okha kufunsa ngati kwabwera oda ina. Mayi anga nawo amangopukusa mutu akaona atsikana akuyesa makabudula pakhomo pathu. Iwo anakula pansi pa lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, limene linachoka nthawi imene dziko limalowa m'ndale za zipani zambiri, ndipo lero mwana wawo akudyera zomwezo.

Pa zovala zosoka amalume m'pokhapo pamene ndimaika lebulo yoti zapangidwa ku Malawi. Pa tisheti ndimalemba kuti yadindidwa ku Zomba, basi. Anzanga amene amadula lebulo ya China n'kusokapo ya Malawi ndimawauza pamaso kuti tikudzipusitsa tokha. Tikamanamizira kuti tisheti tikupanga kale muno, ndani adzaone chifukwa chomangira fakitale yake?

Kudinda kwenikweniko ndiye mbali yokoma ya ntchitoyi. Ambiri amayamba ndi vinyl, kapulasitiki kodula ndi makina n'kumata ndi moto. Ndi yabwino pa dzina ndi nambala ya jezi ya mpira, koma pa chithunzi chachikulu imauma gwa, ndipo pakapita nthawi imayamba kumatuka m'mphepete. Kwabwera DTF, njira yodinda chithunzi pa pepala lapadera n'kuchimata pa chovala ndi moto, imene imatulutsa mitundu yonse ya chithunzi. Makina ake ndilibe, ndimatumiza chojambula ku Blantyre pa WhatsApp, mapepala ake amabwera pa minibasi. Koma imene ndimaikonda ndi ya sikirini. Umapaka mankhwala pa sikirini mumdima, akauma umaikapo chojambula chakuda chodindidwa pa pepala loonekera, n'kutulutsa padzuwa kanthawi kochepa. Pamene dzuwa lamenya pamalimba, pamene panabisika ndi chojambula pamachoka ndi madzi, ndipo m'pomwe inki idzadutsire. Mtundu uliwonse umafuna sikirini yakeyake, n'chifukwa chake zovala zanga zambiri zili ndi mtundu umodzi kapena iwiri. Sikirini yokonzedwa bwino imadinda matisheti ambirimbiri, ndiye oda ikakula mtengo wa imodzi umatsika. Nthawi ya dzinja, phiri likafunda mitambo osayera, umangokhala kudikira dzuwa.

Inki imene timagwiritsa ntchito kwambiri, plastisol, siuma yokha. Imafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 160 kuti igwire nsalu. Ikapanda kufika pamenepo imaoneka bwinobwino tsiku logula, n'kudzasweka pochapa koyamba. Ndiye magetsi akazima ntchito yaima. Simbi ya makala ndi yabwino pa malaya a ku tchalitchi, koma moto wake sufanana paliponse, pena ipsereza, pena isiya posapsa. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, miyezi yambiri yotsatira tinkadinda pakati pa usiku magetsi akangoyaka, ena onse m'nyumba ali m'tulo. Jenereta yokoka makina otenthetsera imafuna petulo, ndipo za mizera ya petulo owerenga anu akuzidziwa okha.

Ena amati mdani wathu ndi kaunjika, boma lingomuletsa. Ine ayi. Ndinakulira kaunjika, jinzi imene ndavala polemba kalatayi ndinasankha pa mulu mumsika wa Zomba, ndipo achinyamata amene amagula tisheti yanga amaivalira thalauzi ndi nsapato za kaunjika yemweyo. Kasitomala wathu ndi mmodzi. Ogulitsa kaunjika nawonso akulira dola yomweyi, mu February 2025 anachita zionetsero ku Lilongwe chifukwa cha kukwera mtengo kwa mabelo. Rwanda inakweza msonkho wa zovala zakale pofuna kuteteza mafakitale ake, ndipo mu 2018 America inaichotsera mwayi wogulitsa zovala kumeneko mopanda msonkho pansi pa ndondomeko yake ya malonda ndi maiko a mu Africa yotchedwa AGOA. Iwo anasankha njira yawo n'kulipira mtengo wake. Kuno kuletsa kaunjika lero, tisanakhale ndi choika m'malo mwake, n'kungomuvula wosauka, ndipo sikungatsitse mtengo wa tisheti yanga ngakhale ndi tambala imodzi.

Zomba ndi tauni ya ana a sukulu. Aliyense wogulitsa kanthu kuno, kuyambira wachipisi mpaka mwini nyumba za lendi ku Chikanda, amayendera kalendala ya ku Chanco. Akatsegulira, makamaka ndalama zawo za upkeep zikatuluka, foni siikhala chete. Akatsekera tauni imati zii. June ndi July, mphepo ikamatsika m'phiri, ndi nyengo ya mahudi, koma hudi imadya mpamba wambiri, ndipo uyenera kupikula mu April ogulitsa asanamve kuzizira. January ndi February ndimangosunga mpamba, poti ndalama za anthu zili ku fizi ndi ufa. Amene amandipulumutsa miyezi imeneyo ndi akwathu okhala ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Iwo sanenerera mtengo. Munthu amene watha zaka osaona phiri, akaona tisheti yolembedwa Chinamwali amatumiza ndalama tsiku lomwelo, n'kuuza m'bale wake amene akukwera basi kuti amutengere.

Za ngongole sindichedwapo. Aliyense wochita malonda pakati pa abale ndi anzake amawadziwa mawu oti "ndikupatsa pakutha pa mwezi". Palinso oimba ena achinyamata amene amabwera kudzapempha zovala zaulere zoti akavale mu vidiyo, akuti akunditsatsira. Wina amatsatsadi, wina amavala kamodzi osatchula n'komwe kumene wazitenga. Chimene chandisunga n'chakuti ndimaonetsa chojambula pa status ndi pa Instagram, wofuna amapereka theka, ndikatseka oda ndimakapikula zokhazo zimene zalipiridwa n'kuonjezapo zochepa. Chojambula chikatha chatha, sindichibwereza msanga. Akunja amachita zimenezi kuti katundu aoneke wosowa, ine ndimachita chifukwa ndilibe ndalama zogoneka m'katoni.

Kuberana zojambula kuliponso. Tisheti ija ya mayina a madera isanathe n'chaka chomwe, ndinaiona pa depoti itadindidwa pa nsalu yopyapyala, pa theka la mtengo wanga, atangochotsapo dzina langa. Malamulo alipo. Dzina la bizinesi umalembetsa ku boma, chizindikiro cha malonda chili ndi kaundula wakewake pansi pa lamulo la 2018, ndipo chojambula chimatetezedwa ndi lamulo la Copyright la 2016. Anzanga ambiri amaganiza kuti akalembetsa dzina la bizinesi ndiye kuti ateteza ndi logo yomwe, pamene si choncho. Komabe tinene zoona, ndalama za loya zimaposa katundu yense amene wabedwayo, ndipo dzina la Chikanda kapena phiri la Zomba si la munthu mmodzi. Chonditeteza chenicheni n'chakuti wokopera amadikira ine ndiyambe, komanso sangaike nsalu yolemera pa mtengo umene akugulitsirawo.

Tsono pempho langa. Maphunziro a bizinesi tapatsidwa okwanira, masatifiketi ali m'chikwama. Pa maphunziro ena anatigawira matisheti amene oda yake sinapatsidwe kwa wina aliyense wa ife odinda amene tinakhala m'chipindamo. Chimene chimakuza wodinda ndi oda. Zomba yadzaza ndi maofesi ndi masukulu, yunivesite, MANEB, National Statistical Office, asilikali, apolisi, chipatala chachikulu, masekondale, mipingo, mabungwe osawerengeka, ndipo malo oterewa amadinditsa matisheti ndi ma golf shirt nthawi ndi nthawi. Mu 2020 boma linaika lamulo loti mabizinesi ang'onoang'ono azipatsidwa gawo pa zogula za boma, ndipo enafe tinalembetsa, tili ndi nambala ya msonkho (TPIN) ya ku MRA ndi mapepala ena onse. Koma oda ya matisheti 1,000 yoti ugule ndi ndalama zako, upereke, kenako udikire cheke miyezi itatu, kwa munthu wa msinkhu wanga ndi msampha. Bungwe lina limene sindilitchula linandilipira mochedwa moti ndalama itafika sinakwanenso kugula matisheti amene ndinawapatsa. Gawani maoda akuluakulu m'magawo oti ang'onoang'ono angathe. Perekani theka poyamba kuti tikapikule mtengo usanasinthe, chotsala lipirani tsiku lolandira katundu. Amene waononga ntchito musamupatsenso, sitikupempha chisoni. Zimenezi sizifuna thandizo lakunja kapena lamulo latsopano, zimangofuna wosainira cheke.

Lalikulu likupita kwa amene ali ndi ndalama zenizeni, a mabanki, osunga ndalama za penshoni, a Unduna wa Zamalonda, a Cotton Council of Malawi. Werengani matisheti amene dziko lino limavala. Ana a sukulu pa masewera, makwaya, magulu a amayi, makampani, ndi zipani zonse zimene zinagawa matisheti pa chisankho cha September 2025. Tembenuzani makosi ake muwerenge malebulo. Msika ulipo kale, sitikuchita kuulota. Chimene tikufuna ndi tisheti yopanda kanthu, yakuda ndi yoyera zingakwane poyambira, ya thonje la ku Balaka, yolukidwa ndi kusokedwa muno, ya GSM yodziwika ndi masaizi osasinthasintha, yogulitsidwa pa dazeni kwa aliyense wobwera ndi kwacha. Sitikunena kuti itchipe kuposa ya ku China, ingokhala ya mtengo umene sulumpha dola ikalumpha kuseri. Zojambula, mayina, kutsatsa, kusaka makasitomala, zimenezo tisiyireni, tikuzitha kale ndi mafoni osweka magalasiwa.

Podikira zimenezo, odinda angapo a kuno tayamba kusonkha ndalama kuti tizipikula limodzi. Mmodzi amapita ku Limbe m'malo mwa tonse, thiransipoti timagawana, ndipo wogulitsa akaona madazeni ambiri amatsitsako. Si zophweka, poti tikulimbirana makasitomala omwewo, ndipo aliyense amabisa chojambula chake chatsopano mpaka tsiku lotulutsa. Tagwirizana pa nsalu pokha. Chotsatira tikufuna makina opindira pansi ndi m'manja aja, akhale pakhonde la amalume, aliyense azilipira akagwiritsa ntchito. Tikukanganabe za amene azidzawakonzetsa akaonongeka.

Inunso akonzi, mukadzatuma mtolankhani kwa wachinyamata wa zovala, asakangofunsa za maloto ake. Akafunse kumene anagula nsalu, mtengo wake mwezi watha ndi mwezi uno, ndiponso amene sanamulipire. Mayankho amenewo apite nawo ku unduna, ndipo zimene akayankhe kumeneko mudzatilembere m'Chichewa, kuti ndi amalume omwe awerenge.

Wodinda zovala,
Matawale, Zomba